Masupamaketi a mumzinda wa Tete: kumene mlendo amagula osanenerera

Tinasamukira mumzinda wa Tete m'chaka cha 2021, bambo a kunyumba atapeza ntchito ku kampani ina ya malole oyenda pakati pa Moatize ndi doko la Beira, ndipo kuyambira nthawi imeneyo udindo wogula zofunika zonse za pakhomo wakhala uli m'manja mwanga. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo ndisanabwere kuno ndinkadziona ngati wolidziwa kale dziko la Mozambique, popeza ndinakula ndikuona anthu a ku Angónia akudutsa pa Calómuè kudzagulitsa kachewere ndi nyemba, tikumalankhulana nawo Chichewa chimodzimodzi ngati ana a mudzi umodzi. Mumzinda muno zinthu ndi zina. Pamsika anthu amalankhula Chinyungwe, chomwe Mchewa amatolamo mawu ambiri koma osati onse, ndipo mitengo ya zinthu amaitchula m'Chipwitikizi, mofulumira, osakupatsa mpata woti uwerengere. Miyezi yoyambirira ija, malo okhawo omwe ndinkagulako mtima uli m'malo anali masupamaketi, ndipo ndi za masitolo amenewa zomwe ndikufuna kufotokozera anzanga amene akubwera kudzakhala kuno, komanso amene amadutsa pa Mwanza ndi pa Zóbuè kudzangogula katundu n'kubwerera.

Masitolo akuluakulu a kuno ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la mayina omwe tinawazolowera kale ku Blantyre ndi ku Lilongwe, monga Shoprite ndi PEP, omwe anachokera ku South Africa ndipo kuno amapezeka pa Mall de Tete. Gulu lachiwiri ndi la masupamaketi a eni ake okhala konkuno, ena a amwenye, ena a anthu a ku China, omwe ali m'misewu ya m'kati mwa tauni komanso tsidya lina la Zambezi, m'mbali mwa msewu wopita ku Moatize. Munthu angadabwe kuti mzinda wakutali chonchi ndi Maputo unapeza bwanji masitolo otere, koma chinawabweretsa ndi malasha. Kampani ya Vale ya ku Brazil itayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, kunakhamukira anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana, okhala ndi ndalama m'thumba komanso ozolowera kugula zinthu za m'mapaketi, ndipo amalonda anawatsatira. Chipwirikiti cha masiku amenewo chinazilala mitengo ya malasha itatsika, ndipo mgodiwo unagulitsidwa kwa Vulcan mu 2022, koma mashelefu akuonetsabe kuti anakonzedwera ndani poyamba: pali tchizi cha mitundumitundu, mafuta a azitona a ku Portugal, vinyo ndi nsomba za m'zitini, pamene nyemba ndi mtedza, zomwe banja ngati lathu limadya tsiku ndi tsiku, zimapatsidwa kamalo kochepa kumapeto kwa mzere.

Ubwino woyamba, womwenso ndimauona kuti ndi waukulu kuposa ena onse, ndi wakuti mtengo wa chinthu chilichonse ndi wolembedwa. Amene sanakhalepo mlendo m'dziko la eni sangamvetse msanga kufunika kwa kapepala kakang'ono komatidwa pa shelefu kaja. Pamsika, wogulitsa akangomva kuti lilime lako ndi lachilendo, mulu wa tomato wofanana ndi womwe mnzako wangogula kumene umakwera mtengo iwe ukuona, ndipo sungathe kunenerera chifukwa mawu onenererawo ulibe. Sindikunena kuti amayi a pamsika ndi ouma mtima, chifukwa ngakhale kwathu, m'misika ya m'mbali mwa msewu, wotsika m'galimoto amauzidwa mtengo wosiyana ndi wa woyenda pansi. Chomwe ndikunena n'chakuti mu supamaketi Mmalawi, Mnyungwe ndi mzungu wa ku mgodi amalipira ndalama yofanana pa botolo la mafuta ophikira, ndipo zimenezi zinandichotsera manyazi pa nthawi yomwe ndinkasowa mtengo wogwira. Komabe kapepalako n'kofunika kukawerenga mosamala, popeza kalembedwe ka manambala kuno n'kosiyana ndi kathu. Pomwe ife timaika mpumiro iwo amaika mpatuliro, ndipo pomwe ife timaika mpatuliro iwo amaika mpumiro, moti mukaona 1.250,00 MT (MT ndi metical, ndalama ya kuno) dziwani kuti ndi ndalama yomwe kwathu tikanailemba kuti 1,250.00, osati metical imodzi ndi timasenti pamwamba. Pa nyama, zipatso ndi masamba mtengo wolembedwawo kawirikawiri umakhala wa kilogalamu imodzi, ndipo m'masitolo ambiri chinthucho chimayamba chapimidwa pa sikelo pomwepo n'kumatidwa kapepala musanapite nacho pa tilu.

Mashelefu omwewo ndi amene anandiphunzitsa Chipwitikizi changa choyamba. Farinha de milho ndi ufa wa chimanga pamene farinha de trigo ndi fulawa wa tirigu, ndipo wongofika kumene akhoza kusokoneza ziwirizi mosavuta chifukwa mapaketi ake amaikidwa moyandikana. Açúcar ndi shuga, óleo ndi mafuta ophikira, arroz ndi mpunga, feijão ndi nyemba, ndipo frango ndi nkhuku ya chizungu yokonzakonza. Kumene amadula nyama pamalembedwa kuti talho, kumene amawotcha buledi kuti padaria. Mawu awiri omwe ndimauza aliyense kuti awasunge pamtima ndi validade, lomwe limasonyeza tsiku lomwe chinthu chithere mphamvu, ndi promoção, lomwe limatanthauza kuti mtengo watsitsidwa kwa kanthawi. Mawu awiriwa amayendera limodzi nthawi zambiri, chifukwa yogati kapena madzi a zipatso otsitsidwa mtengo kwambiri amakhala kuti masiku ake atsala ochepa, ndipo zimenezi si zolakwika malinga ngati wogulayo waona tsikulo ndipo akudziwa kuti amaliza kumwa lisanakwane.

Tsiku lina, ndikadali wachilendo, ndinafika pa tilu ndi katundu wanga, mtsikana wolandira ndalama n'kundifunsa funso lomwe sindinalimve. Anabwereza kawiri, ine ndili duu, mzere kumbuyo kwanga ukutalikirabe. Kenaka mwana wanga wamng'ono anandikoka chitenje n'kunena kuti, "Amayi, tiyeni tizipita, ndatopa." Mtsikana uja anamuyang'ana mwanayo, n'kutsitsa mawu nati, "Pepani amayi, ndimafunsa ngati mukufuna jumbo. Kodi kumudzi n'kuti?" Nditamuuza kuti ndi ku Dedza, anati iyeyo kwawo ndi ku Ulónguè ndipo agogo ake aakazi anachokera kwa Kasumbu. Anandifotokozera kuti jumbo kuno ndi yogula, chifukwa lamulo la 2015 linaletsa majumbo opyapyala komanso kupereka majumbo ulere m'masitolo, ndipo anandilangiza kuti ndizibwera ndi chikwama changa. Kuchokera tsiku limenelo ndinazindikira kuti ogwira ntchito ambiri m'masitolo amenewa, pa tilu, kobutchala ngakhale alonda a pakhomo, ndi ana a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, omwe amalankhula Chipwitikizi chifukwa cha ntchito koma kunyumba amalankhula Chichewa. Munthu akayamba ndi kupereka moni mwaulemu asanafunse za katundu, amapezeka kuti wathandizidwa m'chilankhulo chake chomwe, ndipo pa nkhani ya ulemu wa ogwira ntchito ndilibe chodandaula chachikulu.

Chachiwiri chomwe chimandipititsa ku supamaketi ndi mafiriji. Tete ndi umodzi mwa mizinda yotentha kwambiri m'dziko muno. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo kwa munthu wobadwira m'munsi mwa phiri la Dedza, komwe mu Juni timafunda mabulangete awiri, zimatenga nthawi kuti avomereze kuti majarini akhoza kusungunuka m'chikwama asanafike pakhomo. Mkaka, yogati, masoseji, tchizi ndi nkhuku youmitsidwa sindigula kwina kulikonse kupatula m'masitolo okhala ndi mafiriji ogwira bwino komanso jenereta yoyaka msanga magetsi akathima. Zinthu zozizirazi ndimazitenga pomaliza, ndikamapita pa tilu, n'kuziika m'kabokosi kosunga kuzizira komwe ndimanyamula kuchokera kunyumba, chifukwa ulendo wa pa txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, wowoloka mlatho wa Samora Machel masana dzuwa lili paliwombo, ndi wokwanira kuwononga mkaka. Anthu akale kuno amati kale zinali zovuta kuposa pano, malole onse a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe akadadutsabe pa mlatho womwewu wa mu 1973, mlatho wa Kassuende usanatsegulidwe mu 2014.

Si mafiriji onse omwe ndi okhulupirika. M'sitolo ina ya m'kati mwa tauni ndinagulako nkhuku ziwiri zomwe kunja kwake zinkaoneka zouma gwa ngati mwala, koma zitasungunuka zinatulutsa fungo loti sindikanayerekeza kuziika m'poto wa ana anga. Ndinazindikira pambuyo pake kuti chizindikiro chinalipo kale m'sitolomo: pansi pa paketi panali madzi oundana ofiirira, aundirana mbali imodzi, kusonyeza kuti nkhukuzo zinasungunukapo kenaka n'kuumanso. Nkhuku yosungidwa bwino imakhala ndi chisanu choyera chopyapyala thupi lonse, paketi yake yosatupa ndiponso yopanda magazi oundana pakona. Nditabwerera nazo limodzi ndi lisiti, woyang'anira sitoloyo anandibwezera ndalama atazengereza kwa nthawi ndithu, koma mapaketi ena ofanana nawo anawasiya m'firiji momwemo, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa ndalama zanga, chifukwa wogula wina wopanda firiji kunyumba akanaziphika tsiku lomwelo osadziwa.

Pa nkhani ya ufa ndi pamene ine ndi masupamaketi timasiyana njira. Ufa wa m'mapaketi ulipo wambiri, ndi waukhondo, ulibe anankafumbwe kapena timiyala, ndipo lamulo la kuno la 2016 limalamula kuti ufa wa chimanga, fulawa, shuga ndi mafuta ophikira opangidwa m'mafakitale zizithiridwa michere yowonjezera thanzi, chomwe ndi chinthu chabwino kwa ana. Phala la m'mawa ndimaphikira ufa umenewu mpaka lero. Koma chilimwe chathachi kunabwera apongozi anga aakazi kuchokera kumudzi, ndipo tsiku loyamba ndinawaphikira nsima ya ufa wa m'paketi ndi nyama ya mbuzi. Anadya mwakachetechete, ntanda imodzi osaimaliza, ndipo atasamba m'manja anati, "Anaphiri, nsimayi yapsa bwino ndithu, koma ufawu sunalowe m'madzi." Ndinayankha kuti, "Zoonadi amayi, ndi wogula kusitolo." Sanawonjezere mawu ena, koma m'mawa mwake anapempha kuti tipite kukagula chimanga. Tinagula ndowa ziwiri kwa amalonda obweretsa chimanga kuchokera ku Angónia, tinakakonoletsa kuchigayo, iwo n'kupeta gaga yense ndi lichero pakhonde, kenaka n'kuviika mphaleyo m'mabeseni. Kwathu mphale imakhala m'madzi masiku atatu kapena anayi, koma ndi kutentha kwa kuno tsiku lachiwiri inali itayamba kale kutulutsa kafungo kowawasira kaja, ndipo titaitsuka n'kuiyanika pa mphasa inauma masana amodzi okha. Titagayitsa, ufawo tinauyanikanso, iwo akuupalasa ndi zala kuti usaundane. Nsima ya usiku umenewo inali yoyera mbee, yofewa, yomvera mthiko, ndipo bambo a kunyumba, omwe kwa zaka zitatu sanadandaulepo za ufa wa m'paketi, anadya ntanda zitatu osalankhula ndi munthu. Ufa wa m'fakitale umapangidwa pochotsa gaga ndi mtima wa chimanga ndi makina, chimangacho chili chouma, motero nsima yake imakhala yolimbirapo ndipo ilibe kakomedwe kobwera ndi kuviika kuja. Palibe supamaketi yomwe ingagulitse ufa woyera wa mtundu umenewu, ndipo sindiyembekezeranso kuti ichite zimenezo. Ndimangofuna kuti wobwera kumene adziwe kuti zigayo zilipo m'madera onse a mzindawu, kuno amati moagem, ndipo chimanga chogula pa ndowa chimatuluka chotsikirapo mtengo kusiyana ndi mapaketi.

Ndiwo nazonso n'chimodzimodzi. Kumbali ya masamba mumapezeka kabichi, karoti, letesi, anyezi, tsabola wobiriwira, maapozi ndi mphesa, zambiri mwa izo zitayenda ulendo wautali m'malole ozizira kuchokera ku South Africa, koma nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya ndi chigwada sindinazipezemo. Zimenezi ndimakazigula ku msika wa Kwachena m'mawa dzuwa lisanakwere, komwenso kuli mtedza wosinjira nsinjiro, masau, malambe, ndiponso kabanyira komwe wogulitsa amaponyera pamwamba ukagula milu iwiri kapena itatu, komwe kuno amati bacela. Nsomba yodzaza m'mafiriji a m'masupamaketi ndi carapau, ya m'nyanja yamchere, yobwera youmitsidwa m'makatoni kuchokera kunja. Ndi yotsikirapo mtengo, ili ndi mnofu wambiri ndipo ikakazingidwa bwino ana amaikonda. Koma tili m'mbali mwa Zambezi, ndipo damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechino, choncho amene akulakalaka chambo apite kumsika akafunse pende, amene akulakalaka usipa akafunse kapenta, ndipo amene akufuna nsomba yosunga nthawi yaitali akafunse chicoa, yong'ambidwa n'kuthiridwa mchere, yomwe imayamba yaviikidwa m'madzi isanaphikidwe. Mbuzi ya ku Tete, yomwe mbiri yake inafika dziko lonse la Mozambique chifukwa imakula ikudya masau ndi malambe, ndimaigulanso kwa opha mbuzi m'mawa womwewo, osati yodulidwa kale m'timbale tokutidwa ndi pulasitiki.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa mtima nthawi zonse ndikayenda pakati pa mashelefu a masamba. Maboma a Angónia ndi Tsangano ndi nkhokwe ya kachewere, nyemba, kabichi ndi tomato, ndipo alimi ake ndi abale athu enieni, olankhula chilankhulo chathu, olima m'mapiri ozizira ofanana ndi a ku Dedza ndi Ntcheu. Komabe matumba a kachewere omwe ndimawaona kawirikawiri m'masitolo akuluakulu ndi ochokera kunja kwa dziko, pamene wa m'chigawo chomwechino akugulitsidwa pa milu m'mbali mwa msewu. Zifukwa zake ndikuzimvetsa: sitolo yaikulu imafuna wogulitsa wolembetsedwa ku boma, wotha kulemba invoisi, wobweretsa katundu wosankhidwa, wotsukidwa ndi wofanana kukula sabata iliyonse chaka chonse, komanso wotha kudikira malipiro kwa masabata angapo, pamene mlimi wamng'ono amakolola kamodzi kapena kawiri, amafuna ndalama yake pompopompo, ndipo nthawi ya mvula msewu wochokera kumunda kwake umakhala wovuta. Kumvetsa zifukwazo sikuchotsa kuwawa kwake. Pomwe ndaona zokolola za konkuno zitaikidwa pa shelefu ndimagula zimenezo mwadala, ngakhale zisawale ngati zinzake, ndipo ndimauza woyang'anira kuti ndagula chifukwa ndi za kuno.

Zinthu za kwathu zomwe mtima umazifuna, monga masamba a tiyi a Chombe, tsabola wa Nali, Sobo ndi mpunga wa Kilombero, sindinakumane nazo m'masupamaketi omwe ndimagulamo, moti timadalira madalaivala odutsa pa Mwanza kuti atibweretsere. Mpunga wodzaza m'masitolo ndi wochokera ku Asia, woyera ndi wosavuta kuphika koma wopanda fungo lomwe limauza anansi kuti kwa uje lero kuli mpunga. Tiyi wa ku Gurúè, m'chigawo cha Zambézia, ndi wabwino ndithu ndipo ndinamuzolowera msanga. Pali zinanso zomwe kuno akutiposa poyera. Buledi wawo wamng'ono wa chikhokho cholimba, yemwe amati pão, akamatuluka mu uvuni m'mawa ndi madzulo anthu amamudikirira pamzere, ndipo akuyeneradi kudikiriridwa. Mtedza wa mbibu wokazinga, womwe amati castanha, mafuta ophikira, sopo wochapira, matewera a ana ndi zakumwa za Frozy, zomwe kwathu timazidziwa bwino, zimapezeka nthawi zonse ndiponso za mitundu yambiri yoti munthu n'kusankha.

Kulipira n'kosavuta kwa amene wakhazikika. Makhadi a mabanki a konkuno, monga Millennium bim ndi BCI, amalandiridwa m'masitolo onse akuluakulu, ndipo ambiri amalolanso kulipira pa foni kudzera pa M-Pesa ya Vodacom kapena e-Mola ya Movitel. Airtel Money ndi Mpamba sizigwira ntchito pa tilu ya kuno, kwacha nayo salandira, ndipo makhadi a mabanki a kwathu ali ndi malire a ndalama zomwe munthu angagwiritse ntchito kunja chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, choncho wobwera kudzagula asadalire khadi lokha. Ngakhale ife okhala konkuno timayenda ndi ndalama ya pamanja pang'ono, popeza netiweki ikagwa makina olipirira amangoti zii, mzere wonse n'kuima. Msonkho wa pa katundu, womwe kuno amati IVA, unatsitsidwa kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti kumayambiriro kwa 2023, ndipo umakhala utaphatikizidwa kale pa mtengo wa pa shelefu. Pa tilu ena amafunsa ngati mukufuna kuti lisiti lilembedwe ndi NUIT, yomwe ndi nambala ya wokhoma msonkho. Wogulira pakhomo akhoza kungoyankha kuti ayi.

Chizolowezi chomwe chinandivutitsa nthawi yaitali ndi chosintha mtengo uliwonse m'mutu kupita ku kwacha. Kuyambira 2021 metical yakhala ikusinthidwa pa pafupifupi 64 pa dola imodzi ya ku America, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chifukwa cha ichi, paketi ya shuga yomwe mtengo wake kuno sunasinthe kwenikweni inkaoneka ngati yakwera kawiri ndikaiwerengera m'makwacha, ndipo ndinkabwerera kunyumba ndili wokhumudwa popanda chifukwa chenicheni. Amene amalandira malipiro m'meticais ayerekeze mtengo wa sitolo ina ndi wa sitolo inzake, osati ndi wa ku Limbe kapena ku Area 25. Amene akubwera ndi makwacha m'thumba ndiye ayenera kuwerengera mosamala, ndipo awerengere pa mtengo womwe wasinthira ndalamazo m'manja mwake, osati womwe wauona m'nyuzipepala, awonjezerepo thiransipoti ndi msonkho wa pa chipata asanagamule kuti wapindula.

Madandaulo anga aakulu ali pa tilu. Kangapo konse, m'masitolo osiyanasiyana, ndapeza kuti mtengo wa promoção wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa shelefu sunalowetsedwe mu kompyuta, moti pa lisiti pamatuluka mtengo wakale. Ulendo wina zinachitika pa chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5, ndipo mtsikana wa pa tilu ananena moona mtima kuti iye sangasinthe zomwe makina awerenga. Ndinabwerera ku shelefu, ndinajambula kapepala kaja ndi foni, n'kukaonetsa woyang'anira, yemwe anavomera kulakwako n'kundibwezera ndalama yotsalayo. Anthu ambiri omwe anagula mafuta omwewo tsiku limenelo sanayang'ane lisiti, ndipo ndikukhulupirira kuti analipira mtengo wakale osadziwa. Vuto lina ndi la chenje: ndalama zachitsulo zikasowa, ena amapereka maswiti m'malo mwake osafunsa n'komwe, ndipo ngakhale metical imodzi kapena ziwiri zimaoneka zochepa, kwa mayi yemwe wawerengera ndalama ya minibasi yobwererera kunyumba, yomwe kuno amati chapa, si zochepa ayi. Wogula ali ndi ufulu wokana maswitiwo mwaulemu. Bungwe la boma loyendera masitolo, lomwe limagwira ntchito yofananako ndi ya CFTC ndi MBS, mabungwe oteteza ogula kwathu, linkatchedwa INAE pomwe tinafika kuno, ndipo ndi komwe nkhani za katundu wotha mphamvu kapena mitengo yosalembedwa zimakatulidwa. Lisiti musalitaye musanatuluke, chifukwa mlonda wa pakhomo amaliyerekeza ndi katundu wa m'chikwama, ndipo zikwama zikuluzikulu zolowa nazo zimasiyidwa pa kauntala ya pakhomo n'kupatsidwa nambala.

Za zovala ndinena mwachidule. Nsapato za sukulu, masokosi, zovala za m'kati za ana ndi matawulo ndimagula ku PEP, chifukwa masaizi ake ndi omwe aja tinawazolowera kwathu ndipo mtengo wake ndi wodziwika. Zovala zina zonse ndimapita pa kaunjika, yemwe kuno amati calamidade, ndipo zitenje, zomwe amati capulana, zabwino zake zili m'masitolo ang'onoang'ono a nsalu a m'kati mwa tauni, komwe munthu amatha kuzigwira, kuzitambasula ndi kuziyang'ana padzuwa asanalipire.

Nthawi yopitira nayo ndi yofunika kuisankha. Kumapeto kwa mwezi, ogwira ntchito m'boma ndi a ku mgodi akalandira, komanso masiku oyandikira Khirisimasi, mizere imafika pakati pa mashelefu ndipo mangolo okankha amatha, pamene m'mawa wa pakati pa sabata munthu amagula modekha, buledi ali wotentha ndiponso masamba atangoikidwa kumene. Madzulo a Loweruka ndi Lamlungu pa Mall de Tete pamakhala mabanja ambiri omwe sanabwere kudzagula zambiri koma kudzapuma m'malo ozizira, ana akudya ayisikilimu, ndipo nafenso timachita chimodzimodzi kukatentha kwambiri.

Apongozi anga pobwerera kumudzi ndinawaperekeza ku supamaketi kuti akasankhe okha zopita nazo. Anayenda pang'onopang'ono mzere uliwonse, akundifunsa tanthauzo la mawu a pa mapaketi, ndipo mapeto ake anasankha chigubu cha mafuta ophikira, mipiringidzo ya sopo wochapira, paketi ya castanha ya adzukulu ndi ma pão khumi omwe anati akadya m'njira ndi anzawo a m'basi. Masamba ndi nsomba za m'firiji sanaziyang'ane kawiri, koma ku Kwachena anagula chicoa ndi chigoba cha kapenta. Ndinawaikira malisiti onse m'kathumba ka pulasitiki n'kuwauza kuti awaonetse kwa a msonkho pa chipata cha Dedza ngati atafunsidwa, popeza katundu wokhala ndi lisiti sachedwetsa munthu pa malire. Anaimba foni usiku atafika kunena kuti adutsa bwino, ndipo anawonjezera kuti chimanga chikauma kumunda atitumizira thumba la mphale pa lole ya mnzawo wa bambo a kunyumba, kuti tizingoviika ndi kugayitsa konkuno.